Dzala la a Ezequiel

Chimene a Ezequiel ankadziwika nacho ku Matema konse n'chakuti chinthu akachikonda, ankachitaya. Osati kutaya kwa munthu wosasamala ayi. Ankachikulunga bwinobwino m'pulasitiki, kuchimanga ndi mphira wa tchubu cha njinga, n'kukachikwirira kudzala, pansi pa phulusa, makoko a nthochi ndi mitu ya nsomba. Nsapato zawo za ku tchalitchi zinkagona kumeneko. Chiphaso cha ubatizo, lumo lometera ndevu, wotchi ya pamkono imene inasiya kuyenda nkhondo isanathe, zonse kudzala. M'nyumba munali mpando wothyoka mwendo ndi kalendala ya chaka chapita, basi. Munthu ukafuna kudziwa ngati a Ezequiel amakuwerengera, unkangowapatsa mphatso n'kuona kumene yalowera. Ukaipeza ili pa tebulo, yopukutidwa, yoonekera kwa alendo, unkabwerera kwanu mtima uli zii.

Anamwalira mu Novemburu, nyengo imene Tete amatentha mpaka mbuzi kumenyanirana mthunzi wa mlongoti wa magetsi. Anthu akamawatchula amaseka. Tamanda yekha, mtsikana amene ankagwira nawo ntchito, ndiye akamva dzina lawo amayamba watsonya, ndipo ali ndi chifukwa.

Khalidwe limeneli linayambira ku Tsangano, nkhondo ili mkati. Tsiku lina akazi awo, Dona Felismina, atatopa kulankhula ndi mwamuna amene khutu lake linali pa wailesi, anailanda wailesiyo mpira uli pakati n'kuiponya kudzala. M'mawa mwake kunafika anthu a mfuti. Anatenga chimanga, mbuzi, mabulangete, mapoto, chitseko chimene anachizula n'kuchisenza. Banja litatuluka m'thengo momwe linabisala, linapeza nyumba ili kukamwa yasa. A Ezequiel sanalire. Analunjika kudzala, kufukula wailesi ija, kuipukuta phulusa, kuitsegula. Inalira ngati palibe chachitika.

"Waona, Felismina? Munthu wolanda amasuzumira m'bokosi ndi kudenga. Palibe amafuna kubwerera kwa anzake akununkha."

"Ine ndinataya chifukwa cha mkwiyo, bambo inu, osati nzeru!"

"Ndiye uzikwiya pafupipafupi."

Kuyambira tsiku limenelo sanasinthenso. Anathawira ku Malawi, kumsasa nako anakumba dzala. Mtendere utabwera anatsikira ku Tete, ndipo ku Matema anayamba kukumba dzala asanaike ngakhale njerwa imodzi ya nyumba. Nkhumba ya woyandikana nawo inayendapo msewu wonse itavala jekete lawo la ukwati m'khosi. Munthu wa zaukhondo anabwerapo kudzalamula kuti dzalalo liwotchedwe, iwo anamuthamangitsa ndi mpope wa njinga mpaka pokwerera shapa, timinibasi ta ku Tete. Lamulo pakhomopo linali limodzi: kudzala sikufika moto.

Ntchito ankagwira m'tauni, kutsidya kwa mlatho, kudera la Filipe Samuel Magaia, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba yophikira pao, buledi wa kumeneko. Mmenemo munali Bungwe la Obwerera Kwawo. Ntchito ya bungweli inali kulemba maina a anthu amene nkhondo inawamwaza, mwana kuno, mayi uko, n'kufunsafunsa mbali zonse ziwiri za malire mpaka awiri atakumana. A Ezequiel ndiwo ankalemba, poti anaphunzira taipi ku mishoni. Azungu othandiza atawapatsa kompyuta, iwo ankangoitchula kuti makina. Ankaifundika kapulana, chitenje cha akazi awo, ndipo chopemerera mphepo chimodzi chokha cha mu ofesimo anachilozetsa kwa makinawo, anthu n'kumachucha thukuta pabenchi.

Pansi pa tebulo lawo panali dengu la zinyalala, ndipo Fátima, mayi wosesa, analibe chilolezo cholitsanula iwo kulibe. Mudengumo munkakhala njere za masau, makoko a malambe, mapepala okulungira pao, komanso magalasi awo, makiyi ndi chidindo cha ofesi chimene ankachitcha karimbo.

"Sinyoro Ezequiel, karimbo ili kuti?" shefi wa bungwelo, a Gregório, ankafunsa alendo ali chilili.

"Pansi pa makoko, shefi. Cha kumanzere."

Lachisanu lililonse ankatsanulira dengulo m'thumba la pulasitiki, kulimanga pa njinga, n'kuoloka nalo Zambezi kupita kwawo. Munthu wamkulu, wa tayi, kupalasa njinga pa mlatho atanyamula zinyalala za mu ofesi!

Tamanda anafika pamalo amenewa ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, setifiketi ya kompyuta ili m'chikwama. Anabadwira ku Angónia, anaolotsedwa malire ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anakulira kwa azakhali ake ku Blantyre. Kumeneko ankamuti wothawa. Kuno ankamuti Mmalawi. Chipwitikizi chake chinali chobooka, Chinyungwe ankamva malonje okha, ndipo chilichonse cha ku Tete chinkamupsetsa mtima: kutentha, magetsi ongothima masana, kuzengereza kwa anthu, fumbi lolowa mpaka m'mano. Mtima wake unali ku Maputo kapena ku Joni. Anamulemba ntchito ya miyezi itatu: kusamutsa zonse za mu kompyuta yakale kupita mu yatsopano, imene inali ikadali m'katoni pakona, osataya ngakhale dzina limodzi.

Yakaleyo inali itatopa zedi. Ukaiyatsa inkalira ngati chigayo chimene chameza mwala.

"Disiki iyi ikufa, a Ezequiel. Tsiku lina mudzayatsa, sidzadzuka."

"Makina awa sanadwalepo. Akutsokomola chabe. Iwe sutsokomola?"

"Ndipatseni mpata maola awiri okha."

"Lero ayi, menina. Lero atentha."

Mawa lake magetsi sanali okhazikika. Mkuja kunali mitambo. Tsiku lina anangoti makina sakonda kugwidwa ndi munthu wokwiya. Sabata zisanu ndi imodzi zinatha choncho. Tamanda anayesanso njira yofatsa. Anakhala pansi n'kulemba pamanja masamba awiri, m'Chinyanja chomveka, mmene angayatsire kompyuta yatsopanoyo, podina, posunga, pozimitsa, ndi tizithunzi tojambula yekha. Anawapatsa ndi manja awiri. A Ezequiel anavuula magalasi mudengu, kuwerenga mzere woyamba, kupinda mapepalawo kanayi, n'kuwaponya pa njere za masau zimene anali atangolavula.

Tamanda anatuluka panja kuti asatukwane. Vuto la dengu lija linali lomwelo: munkalowa za mtengo wapatali ndi zinyalala zenizeni, ndipo palibe ankadziwa kuti chake chalowa ngati chiti.

Lachiwiri lililonse pabenchi pankakhala Dona Argentina, mayi wa ku Angónia wogulitsa tomato ndi mbatata mumsika. Mwana wawo Beatriz anawapulumuka m'manja pothawa ali ndi zaka zinayi, pamene gulu la anthu linabalalika pa mtsinje wina pafupi ndi malire. Chizindikiro chake chinali chipsera cha phala pa mkono wamanzere. Zaka khumi ndi zitatu zinali zitapita. Mayiwo sankalira, sankadandaula. Ankangoika tomato atatu pa tebulo n'kufunsa, "Kuli kanthu, Sinyoro?" Yankho linkakhala limodzimodzi: "Tikufufuza, Dona." Koma Lachiwiri lomaliza lija, Tamanda anamva a Ezequiel akutsitsa mawu.

"Sabata yamawa mubwere mutavala nsalu yabwino. Mutengenso chiphaso choolokera malire."

"Mwamupeza?"

"Sindinanene choncho. Ndikudikira kalata imodzi. Ndinatumizapo mayi wina kwa mwana wolakwika, sindidzabwerezanso."

Kalatayo inafika Lachinayi. Tamanda anawaona akuilemba pa makina ndi zala ziwiri, lilime lili panja.

Lachisanu m'mawa a Ezequiel anachedwa, njinga inaphulika tayala pa mlatho. A Gregório, amene azungu a kompyuta yatsopano anali atawafunsa kachitatu ngati yayamba ntchito, anasuzumira pakhomo.

"Mmalawi, mwayi wako ndi uno. Chita msanga asanafike."

Tamanda anachotsa kapulana ija ngati akuvula mdani. Anachita ndendende mmene anamuphunzitsira ku Blantyre, ndipo mndandandawo ankaudziwa pamtima. Choyamba, yeretsa, usasamutse nyansi. Chachiwiri, sanja disiki. Chachitatu, kopera zonse pa madisikete, magulu awiri. Chachinayi, ika mu yatsopano, werenga mafayilo uku ndi uku, manambala afanane.

Pa galasi la kompyuta, pakona, pamakhala kadengu ka zinyalala momwe mumagwera chilichonse chimene munthu wataya. Ka a Ezequiel kanali kodzaza. Makina anamufunsa m'Chipwitikizi ngati akutsimikizadi kufufutiratu zinthu mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri. Tamanda anatsonya. Munthu uyu ngakhale mu kompyuta uve womwewo! Anadina kuti inde. Kadengu kanayera mbee. Kenako anasanja disiki, timabokosi tikuthamangathamanga pa galasi kudzaza malo onse amene anatsala opanda kanthu. Anakopera mafayilo otsalawo, makumi asanu ndi anayi, osanjidwa mwaudongo m'chikwatu cholembedwa kuti zikalata za bungwe. Anawerenga uku, anawerenga uko. Anafanana. Kwa nthawi yoyamba chifikire ku Tete, anamva kuti wachita chinthu chooneka.

A Ezequiel analowa akukankha njinga, malaya atamatirira kumsana. Anaona kapulana ili pampando. Anaona kompyuta yatsopano ikuwala. Sanapereke moni. Anakhala pa yakale ija, kuloza kadengu kaja, kudina kawiri. Anadinanso. Anavuula magalasi mudengu, kuwapukuta, kudinanso.

"Anthu ali kuti?"

"Zonse zili mu yatsopano. Mafayilo makumi asanu ndi anayi, ndawerenga kawiri."

"Sindikunena zokamba za shefi pa misonkhano ndi makalata othokoza azungu. Zimenezo ndinaziika poyera kuti wakuba azipeze. Ndikuti anthu ali kuti?"

Tamanda anayang'ana kadengu koyera kaja pa galasi.

"Munkasunga maina m'zinyalala?"

"Ukanafuna ndisunge kuti? Pa khonde?"

"Munthu amawerenga bwanji fayilo ili m'zinyalala?"

"Ndimaivuula, ndimawerenga, ndimaibwezera. Chovuta n'chiyani? Iwe unatsegula? Unayang'anamo ngakhale kamodzi?"

"Ndani amatsegula zinyalala!"

"Wakhala nane miyezi iwiri. Magalasi anga amagona kuti? Karimbo imagona kuti?"

Funso limeneli linamulasa, ndipo poti linamulasa, anakalipa kwambiri. "Dziko lonse lapansi, ku Blantyre, ku Maputo, ku Joni, chotaya n'chotaya! Anapanga makinawa anaikapo dengu kuti muzitayamo, osati muzisungamo ana a anthu! Nkhondo inatha, a Ezequiel! Inatha! Zaka zisanu ndi ziwiri! Palibenso akubwera kudzazula chitseko!"

"Kwa iwe inatha kalekale. Inatha uli ku Blantyre ukudya masikono."

"Musandinyoze! Inenso ndinathawa ndi mapazi anga!"

"Unathawa uli kumsana."

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndinayenda!"

Fátima anali ataima pakhomo ndi tsache. A Gregório anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano kwinakwake.

"Chabwino," anatero Tamanda akupuma mwaphuma. "Makalata enieniwo, a papepala, ali kuti? Ya dzulo ija ili kuti? Ndilembanso ndekha."

A Ezequiel analoza Fátima ndi mlomo.

"Ndinayatsira mbaula ya tiyi, mana," anatero Fátima. "Masiku onse amandipatsa akatha kulemba."

"Pepala lokhala ndi dzina la munthu ndi mudzi wake linaphetsa katekisita wathu ku Tsangano," anatero a Ezequiel. "Ine sindisunga pepala lotero."

Tamanda anakhala pansi. Ankadziwa bwino chimene anachita. Akanangotsanula kadenguko, mwina wodziwa akanatolako zina. Koma kusanja disiki kuja kunali ngati kulima pamanda n'kudzalapo chinangwa. Zaka zinayi za maina. Ndi mudzi umene kuli Beatriz.

A Ezequiel anadzuka. Anafundika makina akale, kutsanulira dengu m'thumba monga mwa Lachisanu lililonse, kubwezera magalasi mudengumo, kumanga thumbalo pa njinga.

"Lachiwiri Dona Argentina akubwera," anatero ali pakhomo.

"Mudzawauza chiyani?"

"Ine? Wa setifiketi ndiwe. Udzawauze za ku Blantyre."

Loweruka lonse Tamanda anakhala mu ofesi kuyesa njira zonse zimene ankazidziwa ndi zimene sankazidziwa. Anatolako theka la kalata imodzi ndi zilembo zosamveka. Lamulungu masana uthenga unafika. A Ezequiel atabwera ku misa anakhala pansi pa mtengo wa masau kuti avule nsapato za ku tchalitchi. Anawapeza atatsamira mtengowo, nsapato imodzi itakulungidwa kale m'pulasitiki, ina ikadali kuphazi.

Ena akamva za imfa amalira. Tamanda anamenya khoma. Munthu ameneyu analibe ngakhale ulemu wodikira Lachiwiri!

Anawaika m'manda Lachiwiri lomwelo. Dona Argentina anabwera pamaliro atavala nsalu yatsopano, kachikwama ka ulendo kali m'khwapa, poti anamva uthenga ali kale pa khomo la ofesi. Pobwera kumanda anamugwira Tamanda dzanja.

"Mwanangu, iwo apita, koma makina alipo. Akuti iwe ndiwe umawadziwa kuposa onse. Ndibwere liti?"

Tamanda anafuna kunama. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti tikufufuza, koma mawuwo sanali ake.

"Mayi, ndinafufuta. Ine. Ndi dzanja ili. Zimene analemba za Beatriz, palibe."

Dona Argentina anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangosiya dzanja lija pang'onopang'ono, kusuntha kachikwama kuchoka m'khwapa ili kupita m'khwapa linalo, n'kunena kuti, "Ndiye kuti tomato wa lero ndamusiyira mnzanga pachabe." Tamanda akanakonda akanamumenya mbama.

M'mawa mwake, tsiku losesa pakhomo pa maliro, Tamanda anakwera shapa kupita ku Matema kukapereka magalasi a malemuwo, amene Fátima anawapeza mudengu. Anapeza achibale akusesa bwalo, kukokolola udzu umene anthu anagonapo, phulusa la pa mafuwa, makoko, zonse kukaunjika pa dzala. Dona Felismina anali atanyamula botolo la petroliyo, nkhope yowala mosayenera mkazi wamasiye.

"Zaka zonsezi ndanunkhiza dzala, mwana iwe. Ku Tsangano, kumsasa, kuno. Ndinawakonda amuna anga, koma lero ntchentche zisamuke." Analandira magalasiwo, kuwatembenuza m'manja. "Ndiwe Mmalawi uja eti? Ankakutchula. Lachisanu anafika kuno akuseka mpaka kutsamwa. Akuti, kamtsikana kaja kayambe kawira kaye mpaka Lolemba, kadziwe kuti dengu la munthu amayamba afunsa."

Tamanda anawabwereza mawuwo mumtima.

Akuseka? Munthu amene wangotaya ntchito ya zaka zinayi, akuseka? Mpaka Lolemba? Lolemba kukanachitika chiyani?

Anatembenuka kuyang'ana dzala. Anaona thumba la Lachisanu lija litakodwa pa chitsa, lopanda kanthu. Lachisanu lililonse. Zaka zinayi. Munthu wosakhulupirira tebulo, wosakhulupirira pepala, akanakhulupirira makina otsokomola okha? Mlamu wa malemuwo anali atakhwatcha kale machesi, ndipo udzu wa mbali imodzi unali utagwira.

"Zimitsani! Zimitsani moto!"

Palibe anasuntha, choncho analanda mphika wa madzi otsukira mbale n'kuukhuthulira pa motowo, kudumphiramo ndi nsapato zake za ku Blantyre, kupondaponda, nsalu ikufuka m'mphepete. Analanda khasu m'manja mwa mlamu uja n'kuyamba kukumba.

"Wagwidwa ndi mizimu!"

"Kapena chinali chibwenzi?"

"Chibwenzi cha a Ezequiel? Akanachikwirira kalekale!"

Tamanda sankamva. Ankakumba akutukwana, pamaliro, pamaso pa achibale a ku Tsangano. "Nkhalamba yamwano! Munthu wopanda chisoni! Kundisiya ndikuwira! Mwafa dala inu, ndikudziwa, mwafa dala kuti mupambane!" Azimayi ena anagwira pakamwa. Dona Felismina anaika botolo pansi n'kunena kuti, "Musiyeni. Akuwadziwa."

Dzalalo linayamba kulavula. Wailesi ya ku Tsangano. Wotchi. Lumo. Kenako kapu yagalasi yokulungidwa kanayi, ndipo bambo wina wachikulire, a Bernardo, woyandikana nawo, anaiona n'kuphulika kulira kuposa mmene analirira kumanda. "Kapu yanga! Ndinawapatsa pa Natale! Ndimayesa anagulitsa!" Mlamu uja, amene ambulera yake inakhala zaka zitatu itapachikidwa poonekera m'nyumba, anayang'ana kumbali.

Khasu linagunda chitsulo atakumba kufika m'chiuno, pamene dothi linali lozizira. Chinali chitini chachikulu cha mkaka wa ufa, chomatidwa ndi phula la kandulo, chokulungidwa m'mapulasitiki atatu. Pansi pake panali china, ndi chinanso. M'kati munali madisikete ali ndondondo, iliyonse ndi tsiku lake lolembedwa ndi pensulo. Ya pamwamba m'chitini choyambacho inali ya Lachinayi lapitalo, tsiku la kalata.

Pansi pa disikete imeneyo panali mapepala awiri opindidwa kanayi, okhala ndi banga la njere ya masau. Tamanda anazindikira tizithunzi take. M'mphepete munali timizere ta pensulo, ndipo pa mzere wa kazimitsidwe malemuwo analemba kuti: apa sindinamve, ndimufunse akakhala kuti sanakwiye.

Anakhala pansi m'dzala momwemo, phulusa mpaka m'tsitsi.

"Munthu woipa," anatero.

Madisikete ambiri anali atafa ndi chinyezi ndi zaka. Ya Lachinayi ija inakana kawiri, kachitatu kompyuta yatsopano inadzuma n'kutsegula. Maina onse analimo. Tamanda sanawerenge kalikonse asanakopere, kamodzi, kawiri, katatu. Kenako anafufuza dzina la Beatriz. Katekisita wa mudzi wina kufupi ndi Lizulu analemba kuti mtsikanayo analeredwa ndi banja limene linamutola pa mtsinje, kuti chipsera chili pa mkono wamanzere, ndipo kuti amakumbukira dzina limodzi lokha la kwawo, Tina, chidule cha Argentina.

Tamanda anawapeza Dona Argentina mumsika, pakati pa milu ya tomato, n'kuwawerengera. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Lizulu? Lizulu yomweyi? Ine ndakhala ndikupikula mbatata kumeneko zaka zitatu!" Anakhala pa dengu lovundikira. Kenako anamuyang'ana Tamanda kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga iwe ukununkha chiyani?"

Anabwerako patapita sabata zitatu. Anaika tomato pa tebulo, osati atatu, beseni lathunthu. Beatriz anamupeza, wamtali kuposa mayi ake, ali ndi mwana kumsana, akulankhula Chichewa cha ku Malawi ngati cha Tamanda. Ku Tete anakana kubwera, akuti anamva kuti kumatentha. "Ndiye ndizipita ndine," anatero Dona Argentina. "Mbatata n'zakonkonso."

Miyezi itatu ya Tamanda inatha kalekale. Amanenabe kuti chaka chino akupita ku Maputo. Pakali pano amakopera maina Lachisanu lililonse, gulu limodzi m'kabati, lina kwa a Gregório, lachitatu amapita nalo kwawo, ndipo mukamufunsa kumene amalisunga amakuyang'anani moipa. Munthu akati a Ezequiel anali ndi nzeru, iye amalusa: "Nzeru zanji? Akanangonena mawu amodzi Lachisanu lija! Mawu amodzi okha!" Mapepala awiri aja sanawaonetse aliyense.

Ku Matema dzala lija analikwirira, Dona Felismina anadzalapo mpiru, ndipo unakula modabwitsa. Pa mlatho Lachisanu madzulo pamadutsa njinga zambiri, za makala, za mbuzi, za madengu a nsomba, koma ya munthu wa tayi palibe. Mu ofesi chopemerera mphepo chimaloza anthu tsopano, chidindo chimakhala m'dirowa, makiyi pa msomali, ndipo alendo sadikiranso kuti wina avuule kanthu pansi pa makoko. Zonse zili m'malo mwake, monga ku Blantyre.

Fátima ali ndi ufulu wotsanula dengu tsiku lililonse. Koma asanatuluke nalo amaliika pansi, kugwada, n'kuyamba kuvundukula ndi zala, pepala ndi pepala, khoko ndi khoko. Tamanda amanamizira kuti akulemba.

"Muli chiyani, mana?" amafunsa osatembenuka.

Fátima amadzuka, kupukuta manja pa kapulana.

"Zinyalala zokhazokha."